Chigamba pa Phiko la Kadzakumanja

Panali munthu wina, dzina lake Kadzakumanja, amene anaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka imvi zinamera. Atapuma ntchito, anzake anagula ng'ombe ndi zigayo. Iye anasesa chigafa chakale cha fodya kuseri kwa nyumba yake, nayamba kupanga ndege.

Inali ndege yaing'ono ya mipando iwiri, ndipo mapiko ake sanali a malata kapena a matabwa. Ndilongosole pang'ono, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Wopanga phiko lotere amasema chinkhupule cholimba, chopepuka ngati mtima wa phesi, mpaka chitatenga maonekedwe a phiko. M'kati mwake amagonekamo mtanda umodzi wochokera kuthupi la ndege kufika kunsonga, ndipo umenewo ndiwo msana wa phiko. Kenaka amakuta zonsezo ndi nsalu yolukidwa ndi ulusi wa galasi, naipaka utomoni wa m'zitini umene ukauma umalimba ngati fupa. Nsalu ina imabwera pamwamba pa inzake, ina pamwamba pa imeneyo. Phiko lotere likatsekedwa latsekedwa, monga dzira. Palibe msomali woti muzule kuti musuzumire m'kati.

Kadzakumanja anakhula mapikowo ndi sanipepa dzinja ndi chilimwe, mpaka mizere ya kunsonga za zala zake inafufutika. Anawapaka penti woyera. Oona za maulendo a pandege anabwera, naiyeza ndegeyo, naivomereza, ndipo inauluka bwino. Anthu ankachokera kutali kudzasisita mapikowo, chifukwa dzanja linkayenda kuchokera kuthupi mpaka kunsonga osakhumudwa paliponse. Mwini wake ankasunga kansalu m'thumba, kopukutira pamene alendo agwira.

Mkazi wake, Nangozo, anali asanakwerepo. Ankati anakwatiwa ndi mphunzitsi, osati ndi kabawi. Koma chaka chimenecho abale ake anakonza zovundukula chiliza cha mayi awo, kwawo kumapiri, ndipo msana wa Nangozo sunkapiriranso msewu wa kumeneko. Pafupi ndi mudziwo panali bwalo la udzu limene eni minda ya tiyi ankaterapo kale.

"Ulendo uno munditenga ndinu, bambo a Mwandida," anatero tsiku lina. "Koma mukandifikitse ndikuyenda ndekha. Ndikukaona chiliza cha amayi, sindikukasankha malo pambali pawo."

Nangozo anali ndi mlongo wake wamng'ono, Malizani, amene anakhala zaka zambiri akuulutsa ndege zopopera mankhwala m'minda ya nzimbe kuchigwa. Atamva za ulendowo anabwera, napempha kuti aulukeko kaye ndi mlamu wake. Atatera anazungulira ndegeyo manja ali kumbuyo.

"Phiko lanu ndi laulemu kwambiri, alamu," anatero. "Lili ngati mkamwini wofatsa. Sadandaula, sakangana ndi munthu. Mumangodzuka m'mawa n'kupeza wamanga katundu wapita."

Kuti mumve chimene Malizani ankatanthauza, kumbukirani mmene munkachitira muli ana pa lole. Mukatulutsa dzanja chikhatho chitagona, mphepo imangodutsa. Mukachipendeketsa pang'ono, mphepo imachinyamula. Mukawonjeza, imanyamula koposa. Koma pali malire. Mukawapitirira, mphepo ija imasweka kuseri kwa dzanja, kunyamula kumatha mwadzidzidzi, ndipo dzanja limangokankhidwira m'mbuyo. Phiko limachitanso chomwecho. Chimene chimaligwira m'mwamba ndi kapendekedwe kake pokumana ndi mphepo, ndipo likapendekeka kupitirira malire ake limataya mphepo, ndege n'kugwa ngati chikuni. Oyendetsa ambiri amadalira muvi wa liwiro, namaloweza nambala imene sayenera kutsika pansi pake. Muviwo sunama, koma umanena theka la nkhani. Ndege ikalemera, kapena ikamakhota itapendama kwambiri, phiko limafunika kunyamula zochuluka, motero limafika pamalire aja muvi ukadali pamwamba pa nambala yolowezedwayo. Mapiko ambiri amachenjeza: amanjenjemera, ndodo yowongolera n'kumagwedera m'manja. Phiko la Kadzakumanja linali losalala kotero kuti linkagwira mphepo mwakachetechete mpaka pamapeto penipeni, n'kuitaya osatsazika.

Malizani anabwera ndi mankhwala ake m'chikwama. Kanali kachitsulo kotalika ngati chala, kokhala ndi timabowo tiwiri, kena koyang'ana kutsogolo, kena koyang'ana chapansi. Kuchokera m'timabowomo munkatuluka timapaipi tiwiri topita kukabokosi kokhala kutsogolo kwa woyendetsa. Kabokosiko kamayerekeza mphamvu ya mphepo yolowa kubowo lina ndi yolowa kulinzake, ndipo mwa kusiyana kwake kamadziwa mmene phiko lapendekera. Malire akayandikira, kamalira m'makutu mwa woyendetsa ngati mwanapiye wosochera.

"Malo ake ndi kunsi kwa phiko," anatero Malizani, akuloza. "Kutali uko chakunsonga, kumene mphepo ya pulopela, chopukusa cha kumphuno kwa ndegecho, sifika."

"Ndiye kuti ndibowole?"

"Mudule ndithu. Bowo loti dzanja lilowe."

Kadzakumanja anatulutsa kansalu kake, napukuta pamene chala cha mlamu wake chinakhudza.

"Inu alamu, zaka zonsezi mwakhala mukuulutsa ndege za eni. Simunasemepo ngakhale mpini."

"Zoona," anayankha Malizani. "Koma ndege mukhoza kupanga ina. Alongo anga ndi omwewa."

Malizani atapita, Kadzakumanja anakhala ndi kachalako masiku ambiri. Anali munthu wa nzeru, ndipo nzeru zikafuna kuzemba chinthu sizisowa njira. Kunsi kwa phiko, pafupi ndi thupi la ndege, anali atasiyapo kachitseko kakang'ono koonera mabawuti ogwira phikolo. Anaganiza kuti: bowo lilipo kale, ndidulirenji lina? Anamangirira kachalako pachivundikiro cha kachitsekoko. Timapaipi tinali tatifupi, ntchito inali yaukhondo, ndipo khungu la phiko silinakandike n'komwe. Anauluka kangapo. Kabokosi sikanalire ngakhale kamodzi, ndipo iye anakondwa, nati phiko lake silifika kufupi ndi ngozi.

Malizani atabweranso ananjuta pansi pa ndege. Anayang'ana kachala, nayang'ana pulopela imene inali kutsogolo kwake ndithu, nayang'ananso kachala.

"Kakhala pabwino," anatero. "Pamthunzi, pafupi ndi bwana. Tiyeni tikakafunse kumwamba."

Ili ndi lamulo la ntchitoyi. Chipangizo chotere sachikhulupirira chifukwa chakuti chamangidwa bwino. Amakwera nacho m'mwamba kwambiri, kumene kuli malo okwanira kugwa ndi kudzukanso, ndipo kumeneko amakweza mphuno ya ndege mwadala, pang'onopang'ono, mpaka phiko litataya mphepo. Cholinga n'chakuti amve ngati chipangizocho, monga mlonda, chifuula mbala isanalowe.

Anakwera mpaka minda inaoneka ngati zigamba za pansalu. Kadzakumanja anachepetsako mphamvu ya injini, nayamba kukokera ndodo kwa iye. Mphuno inakwera. Muvi wa liwiro unatsika. Iye anatchera khutu. Anakokanso pang'ono, natcheranso khutu. M'makutu munali phokoso la injini lokha.

Ndipo phiko la kumanzere linangochoka pansi pake. Mphuno inagwa, dziko linadzaza galasi lonse la kutsogolo, ndipo minda inayamba kuzungulira ngati chimanga m'lichero. Manja ake anachita zimene anaphunzira: anakankhira ndodo kutsogolo, naponda chopondera cha mbali inayo, nadikira mpaka mphepo itagwiranso phiko. Ndege inawongoka. Koma mtunda umene anagwa unali wokwana mitengo ya bulugamu ingapo itasanjikizidwa, ndipo iye anadziwa kuti munthu akamakhota pokatera sakhala ndi mtunda wotere pansi pake.

Kabokosi kanali chete.

"Mlonda wanu ndi waulemu ngati phiko lomwe," anatero Malizani, akuseka. "Ndi pachibale kodi?"

 Kadzakumanja sanafunikenso womulongosolera, pakuti phunziro limeneli analiphunzitsa yekha kwa ana a eni ndi choko m'manja. Pulopela imaponya mphepo yake molunjika kumbuyo, kutsata thupi la ndege. Ngakhale ndege ipendekeke chotani, mphepo ya pamenepo imabwerabe mowongoka. Kachala kaja sikankanama. Kankanena zoona za mphepo imene kankaimva, koma inali mphepo yopangidwa ndi ndege yomweyo. Ya kunja, imene inkanyamula phiko, sikankaidziwa. Potera anayang'ana mpando umene Malizani anakhalapo, nakumbukira amene adzakhalepo ulendo wotsatira.

M'mawa mwake Nangozo anabweretsa tiyi kuchigafa, napeza mwamuna wake atagona chagada pamphasa pansi pa phiko, pensulo ili kukhutu, supuni ili m'manja. Ankagogoda khungu la phikolo ndi chigwiriro cha supuniyo, monga mmene wogula mphika amaugogodera kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Pamene pali msana wa phiko pamalira mouma, mokwera. Pamene pali chinkhupule chokha pamalira mogontha. Wodula ayenera kuudziwa msanawo ndi khutu, chifukwa sauona, ndipo akaucheka wapha phiko lonse. Anagogoda, nalemba, nagogodanso, mpaka mzere wa msana unaonekera ndi timadontho ta pensulo. Kenaka, kumbuyo kwa mzerewo, kutali chakunsonga, anajambula bwalo lalikulu ngati chikhatho.

Anatenga kasowo. Anakhala nthawi ndithu kali m'manja. Ndipo anakalowetsa.

Kulira kwa sowo pansalu ya galasi n'koipa, kumalowa m'mano. Fumbi loyera linagwera pachifuwa pake. Kachidutswa kozungulira kanagwa pamphasa, mbali ina yonyezimira, ina yokhakhala.

"Mukulira kodi, bambo a Mwandida?"

"Ndi fumbili."

"Fumbi ndithu," anatero Nangozo, naika tiyi pansi, natola kachidutswako, nakamanga pakona ya chitenje.

Ntchito yotsala inali yofuna kudekha. Anakumba chinkhupule pang'ono, napeza kanjira kamene kale anadutsitsamo mawaya a nyali ya kunsonga, ndipo m'menemo anakokamo timapaipi ndi chingwe mpaka tinatulukira kumpando wa woyendetsa. Anasema milomo ya bowolo mopendekera, naikapo nsalu zatsopano, iliyonse yotambalala kuposa ya pansi pake, kuti mphamvu imene inkadutsa pakhungu lodulidwalo ipeze njira yozungulira. Utomoni utauma anamangirirapo kachala, nakhula, napaka penti. Koma penti wakale anali atachita chikasu pang'ono ndi dzuwa, ndipo watsopanoyo anali woyera mbee. Chigamba chinkaoneka munthu ali pakhomo la chigafa.

Anakweranso m'mwamba ndi Malizani. Ulendo uno, mphuno itakwera ndithu koma phiko likadagwira, mwanapiye uja anayamba kulira, poyamba modukizadukiza, kenaka mosalekeza. Anabwereza kangapo, akusintha kabokosi mpaka kulirako kunkayamba nthawi yabwino, yomusiyira munthu mpata wokonza zinthu.

Tsiku la ulendo linafika. Kunali kotentha, mitengo ya masuku itayamba kuphukira masamba ofiira. Kumbuyo kwa mipando anaikako thumba la mpunga, shuga, ndi nkhata ya maluwa. Kadzakumanja anayeza zonse pasikelo, napeza kuti ndege ikhoza kunyamula, ngakhale inali isanalemerepo chotere. Nangozo anakwera atatseka maso. Anawatsegula atadutsa mtsinje woyamba, ndipo pofika kumapiri anali akuloza midzi ndi kutchula maina ake.

Bwalo lija linali kamzere ka udzu pakati pa tiyi ndi chigwembe. Abale anali atasonkhana m'mphepete, amayi atavala zitenje zofanana. Kadzakumanja anazungulira monga mwa lamulo, natsika, nayamba kukhota komaliza kuti alunjike pabwalo. Koma mphepo yochokera kuphiri inali kumbuyo kwake, ndipo inamukankha kupitirira mzere wa bwalolo. Anaona kuti aphonya. Anaonanso anthu aja, akuchimuna ndi akuchikazi, onse maso ali kwa iye. Mkamwini wobwera pandege yopanga yekha sangalephere kulowa pakhomo ulendo woyamba. Anapendamitsa ndege kwambiri, nakoka ndodo kuti akhote msanga. Anaponya diso pamuvi wa liwiro. Unali pamwamba ndithu pa nambala imene anailoweza. Zonse zinali bwino.

Pamenepo kabokosi kanalira.

Thupi lake lonse linkafuna kukokabe, chifukwa nthaka inali pafupi ndipo munthu akaona nthaka amafuna kuithawa. Muvi unkati palibe vuto. Phiko linali phee monga mwa khalidwe lake. Mawu otsutsa anali amodzi okha, ochokera pachigamba chija. Anawamvera. Anafewetsa dzanja kuti mphuno itsike, nawongola mapiko, napereka mphamvu yonse ya injini. Kulira kunadukiza, kenaka kunaleka. Ndege inadutsa chapambali pa bwalo, pamwamba pa tiyi, nikweranso, abale akuitsata ndi makosi.

"Bwanji, tasochera?" anafunsa Nangozo.

"Ayi. Ndinalowa molakwika. Tizungulirenso."

"Nanga kamene kanalira kaja?"

"Kamandiuza kuti ndisachite makani."



"Ndiye kali ndi mwayi," anatero Nangozo. "Ine ndanena zaka zonsezi."

Ulendo wachiwiri Kadzakumanja anayambira patali, nakhota mofatsa, natera mofewa ngati nkhunda. Injini itazima, anakhala kaye manja ali pamaondo, akumva kulira kwa mbalame m'minda ya tiyi. Nangozo anatsika yekha, nayenda yekha, nakumbatirana ndi abale ake. Nthungululu zinamveka.

Malizani, amene anatsogola pamsewu, anafika pambali pa ndege akupukuta thukuta pamphumi. Iye yekha mwa onse aja ndiye anadziwa chimene anaona.

"Anthu akuti munazungulira dala, alamu, kuti mupereke ulemu kumanda."

"Asiyeni atero."

"Kanalira?"

"Kanalira."

Malizani anangogwedeza mutu. Mwamuna wina wa m'mudzimo, amene ankasisita phiko monga onse amachitira, anawerama, naona kunsi kwake.

"Ndege yokongola chotere," anatero, "koma apa anakuonongerani ndani?"

Nangozo anali atabwerera kudzatenga nkhata ya maluwa. Anamasula pakona ya chitenje, natulutsa kachidutswa kozungulira kaja, nakaonetsa.

"Anadula okha," anatero. "Pa ndege yonseyi, malo amene anandipangira ine ndi amenewo."

Tsono inu amene mukundimva, makamaka inu amene mwaphunzira ndipo manja anu amapanga zinthu zabwino, fanizoli ndi lanu. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo palibe wa inu amene angakane mwambiwo. Aliyense ali naye womulangiza. Funso langa ndi lakuti: munamukhazika pati? Ambiri timaika mlonda pamene sipafunika kudula, pafupi ndi thupi, m'mphepo ya pulopela yathu. Timasankha amene amadya kwa ife, amene amatiopa, amene amamva zokhazo zimene ife tauzira. Iwo sanama. Amangonena zoona za mphepo yathuyathu, ndipo chete wawo timamuyesa umboni wakuti tili bwino.

Muikeni kutali, kumene kukuwomba mphepo yeniyeni. Kutero kudzafuna kuti mudule pamene munasalaza, ndipo chigamba chake chidzaoneka. Muyeseni mukadali m'mwamba, pa zinthu zimene mungagwe n'kudzukanso. Ndipo tsiku limene adzalire nthaka ili pafupi, anthu akuyang'ana, zonse zimene munaloweza zikunena kuti palibe vuto, fewetsani dzanja. Kuzunguliranso si manyazi. Pampando wa pambali panu pali munthu amene anakwera chifukwa anakukhulupirirani.